Foni Inati Maola Seveni

Ku Omani sindinapite chifukwa chokonda ndege. Ndinapita chifukwa nyanja ya Chilwa inauma. Pamene tinkaponya makoka panasanduka dothi long'aluka, anthu ankapalasa njinga mpaka ku chilumba cha Chisi ngati ali pamsewu, ndipo mabwato athu anangogona chafufumimba padoko la Kachulu. Ndinali kale ndi imvi. Munthu wolemba anthu ntchito zakunja atafika ku Zomba anati akufuna amuna odziwa kutumbula nsomba. Ndinamuonetsa manja anga. Za zaka zanga sanafunsenso.

Ndinene kaye za malo anga m'mudzi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Makolo anga anachokera kummawa, ku Mozambiki. Ine ndinakwatira kwa Mwambo, pakati pa anthu okhalitsa m'mbali mwa nyanja, ndipo ndinakakhala kwawo kwa mkazi monga timachitira kuno. Ndinali mkamwini. Nyumba umamanga ndiwe, mpunga umawokera ndiwe, koma dothi si lako, mandanso si ako. Mkazi wanga anali Esinati. Mlongo wake, a Filipo, ndiwo anali mwinimbumba, woyang'anira alongo awo ndi ana a alongowo. Ankagula mpunga m'midzi n'kumakagulitsa pamsika wa Songani. Sitinkadana. Sitinkakondananso. Tinkapatsana moni ndi kubwerekana khasu.

Tsiku lonyamuka, Esinati anandiperekeza mpaka pokwerera minibasi pa Kachulu. Anandipatsa kathumba ka matemba ouma amene anawasunga kuyambira nyanja isanaphwe.

"Mukakatopa ndi za eni, muzikatafuna awa," anatero.

"Amake Lusiya, mukanasungira mwana. Kuno nsomba kulibenso."

"Nyanja idzabwera. Inunso mudzabwere."

Matembawo anandilanda pa bwalo la ndege la ku Masikati, likulu la Omani. Msilikali anawanunkhiza, n'kukwinya nkhope, n'kuwaponya m'bini. Ndinamuyang'ana mpaka anatembenukira kumbali.

Ulendo wopita sindinausunge bwino m'mutu, chifukwa panalibe chondithamangitsa. Tinakwera pa Chileka. Tinatsika ku Adisi, ku Itiyopiya, n'kukhala pamipando yachitsulo mpaka miyendo kuchita dzanzi. Tinakweranso ina n'kuwoloka nyanja ya mchere. Titatsika ku Masikati ndinati tafika. Anzanga anandiseka. Anatikweza basi imene inayenda m'chipululu kuyambira dzuwa lili kummawa mpaka kukalowa. Unkagona, n'kudzuka, pawindo pali mchenga womwe uja. Doko limene tinakagwirako ntchito linali kumapeto kwa mchengawo.

Ntchito inali ya mpeni. Nsomba zina zinali zazitali ngati munthu, za mnofu wofiira ngati wa ng'ombe. Ife ozolowera makumba ndi milamba tinayamba tazizwa, kenako tinaona kuti nsomba ndi nsomba, matumbo ali malo amodzi. Panja pankatentha ngati m'ng'anjo ya njerwa. M'kati, m'chipinda cha ayezi, munkazizira mpaka zikhadabo kuda. Unkalowa ndi kutuluka tsiku lonse, ndipo chifuwa sichinkatha. Tinkagona m'chipinda chimodzi pa mabedi osanjikiza, ife pamodzi ndi anthu a ku Nepalo ndi ku Bangaladeshi. Pamwamba panga pankagona Zuze, Msena wa ku Nsanje, munthu wa pakamwa posatseka. Iye ndiye anandiphunzitsa kudya mpunga wawo wa tsabola osatulutsa misozi.

Mapasipoti athu kapitawo anatolera tsiku loyamba, akuti angatayike. Anawatsekera m'bokosi lachitsulo mu ofesi, ndipo tinauzidwa kuti kiyi amakhala ndi abwana.

"Achimwene," Zuze ankatero tikamadutsa pa ofesiyo, "perekani moni. Munthu weniweni ali m'bokosimo. Kunja kuno kwangotsala manja ake."

Zimene ndinkapeza ndinkatumiza. Nyumba inafoleredwa ndi malata. Njinga inagulidwa. Mwana wathu mmodzi yekhayo, Lusiya, anakwatiwa ku tchalitchi, anthu n'kudya mpunga wa nyama, ine ndikutumbula nsomba za eni. Kenako ndinagula foni yaikulu, yagalasi, yopanda mabatani, n'kupatsira munthu wobwerera kumudzi kuti akapereke kwa Esinati. Ndinkafuna kumaona nkhope yake. Koma foniyo inamukana. Zala zake zinali za khasu, galasi silinkazimva. A Filipo anati aziisunga iwo, azikaitchajitsa, azibwera nayo Lamulungu akaweruka ku tchalitchi.

Ankabwera nayodi. Koma ankaigwira okha, ataima pompo, ndipo pagalasi ndinkaona theka la nkhope ya mkazi wanga ndi chala chachikulu cha mlamu wanga.

"Mwaonda, amake Lusiya."

"Ndi foniyi. Imaondetsa anthu. Inuyo ndiye mwayera ngati mbatata yosenda."

"Kulankhula mwachangu," a Filipo ankatero kumbuyo, "mayunitsi si madzi a m'nyanja."

Mkazi sanganene za mumtima mlongo wake ataima pamutu. Tinkakamba za mvula ndi nkhuku. Zoti mutu unkamupweteka masiku onse sanandiuze.

Uthenga wa imfa unandipeza Lachinayi masana, mpeni uli m'manja. Kumudzi linali dzinja, nyanja itayamba kubwerera.

"Alamu," anatero a Filipo, "mlongo wanga watisiya. Wagwa m'munda wa mpunga m'mawa uno."

Ndinakhala pa katoni.

"Mwandimva, alamu? Mufika liti?"

"Sindikudziwa. Pasipoti yatsekeredwa mu ofesi, ndipo mawa ndi Lachisanu. Kuno Lachisanu satsegula."

"Lachisanu ndi la Asilamu. Inu ndinu Mkhristu."

"Kiyi sadziwa zimenezo. Tamverani, alamu. Kumeneko kukutentha, ndipo msewu wa ku mochale ku Zomba ndi matope okhaokha. Musamusunge. Muikeni mawa. Ine ndikafika mudzandionetsa mtumbira."

 Kenako foni inaduka.

Mawu amenewo ndinawanena chifukwa cha Esinati. Moyo wanga wonse ndagwira nsomba, ndipo ndikudziwa zimene dzuwa la kwa Mwambo limachita ndi mnofu. Sindinafune kuti mkazi wanga, amene ankasamba m'mawa ndi madzulo ngakhale m'chilala, anthu amutsekere mphuno. Mpaka lero mawuwo sindinawabweze, ndipo sindidzawabweza.

Zimene zinachitika kumudzi ndinazimva pambuyo pake kwa Lusiya. A Filipo anachoka pasiwa n'kupita kwa munthu wotchajitsa mafoni pamsika, nati afunse foni kutalika kwa ulendo wa pandege kuchokera ku Masikati kufika pa Chileka. Foni inayankha. Inajambula mapu, mzere wowongoka wodutsa panyanja, kandege kali pakati. Inati makilomita ndi opitirira zikwi zisanu, ndipo nthawi yake ndi maola seveni, mwinanso osakwana.

A Filipo anabwerera pasiwa, naima pakati pa anthu foni ili m'mwamba.

"Mwamuna wake afika mawa. Ndi maola seveni basi. Wopita ku Karonga pa basi amachedwa kuposa pamenepo. Maliro adikire."

Chithunzi cha mapuwo ananditumizira, n'kulemba pansi pake mawu amodzi: Tikudikira. Ndinaimba kuti ndifotokoze. Sanandilole kumaliza.

"Foni sinama, alamu. Amanama ndi munthu."

Anadikira. Adzukulu anakumba manda, mvula n'kudzazamo madzi, iwo n'kukapa. Amayi a mpingo anaimba mpaka mawu kusasa. Chimanga cha m'nkhokwe chinatha. Ndege ikalira m'mwamba, anthu ankatuluka kukayang'ana, wina n'kunena kuti ndi imeneyo. Pofika Lamulungu anthu anayamba kukhala patali ndi nyumba. Bokosi analikhomera osaonetsa nkhope. Lusiya sanaonenso nkhope ya amayi ake, ndipo kumanda sanapite chifukwa anali woyembekezera, mimba itakula, ndipo kwathu woyembekezera salowa kumanda. Onyamula bokosi anamanga mipango kumphuno. A Filipo anayenda patsogolo, kumbuyo anthu akunong'onezana kuti uyu ndiye wawoletsa mlongo wake. Manyazi amenewo anafunika munthu wowasenza. Anasankha ine.

Ine nthawi yonseyo ndinali pakhomo la ofesi. Lachisanu ndinakhala pamenepo padzuwa, chitseko chili chotseka. Loweruka kapitawo anati abwana apita kumzinda ndi kiyi. Kutacha anati ndidikire kaye titsitse nsomba m'sitima imene inali itangofika. Pamenepo Zuze anaika mpeni wake patebulo.  Wa ku Nepalo woyandikana naye anaikanso wake. Mipeni yonse inagona, nsomba zili mulu, ayezi akusungunuka, madzi akuyenderera pansi. Kiyi anapezeka. Anali m'thumba la kapitawo.

Anthu omwewo, ena osadziwa n'komwe kumene kuli Malawi, anasonkha za tikiti. Ndinakwera basi ya m'chipululu ija. Ku Masikati ndinaonetsa wogulitsa matikiti chithunzi cha a Filipo, ndikuloza mzerewo ndi chala, kuti ndikufuna ndege iyi. Munthuyo anayamba kuseka, koma ataona nkhope yanga analeka. Anati ndege imeneyo kulibe, ndipo sinakhalepo. Mzerewo ndi njira ya mbalame. Munthu amayenera kudzera ku Adisi, ndipo ya tsiku limenelo inali itadzaza.

Ndinadikira yotsatira. M'ndegemo, kumbuyo kwa mpando wa patsogolo panga, panali kagalasi koonetsa mapu, kandege kakukwawa pang'onopang'ono ngati nyerere. Kwathu kunali kumunsi, kummwera. Kandegeko kankalowera kumadzulo. Ndinakayang'ana mpaka maso kuwawa. Chakudya anandiikira patsogolo, anachichotsa chili chomata. Ku Adisi ndinakhalanso pamipando yachitsulo ija, ndikuona ndege zikunyamuka kupita kulikonse kupatula kwathu.

Pa Chileka ndinatsika mapazi atatupa, nsapato zikundithina. Minibasi ya ku Limbe, minibasi ya ku Zomba, iliyonse kudikira kuti idzaze. Ya ku Kachulu inatisiya panjira chifukwa mtsinje wa Likangala unali utasefukira. Ndinawoloka madzi ali m'chifuwa, sutikesi ili pamutu. Zonsezi foni sinaziwerengere. Foni sidziwa Lachisanu, sidziwa kapitawo, sidziwa Likangala.

Ndinalowa m'mudzi sabata itatsala pang'ono kukwana. Ndinayamba kulira ndili pamalire, monga achitira munthu wofika mochedwa pamaliro, kuti eni mudzi amulandire ndi kulira komweko. Palibe anandiyankha. Amayi amene ankasinja anangoimitsa minsi. Lusiya yekha ndiye anatuluka, akukoka miyendo, n'kundigwira m'khosi.

A Filipo anali pansi pa mtengo wa mango pakhomo panga, pampando umene ndinakhoma ndekha, atameta kale mutu. Anthu anayamba kusendera.

"Mwafika, alamu?"

"Ndafika."

"Mwayenda bwanji? Wapansi?"

"Ndiperekezeni kumanda. Zina tikamba pambuyo."

Anapisa dzanja m'thumba, natulutsa foni, naiika pafupi ndi mphuno yanga.

"Werengani apa. Sukulu munapitako pang'ono."

"Ndinawerenga kale. Ndege imeneyo kulibe."

"Kulibe? Nanga chajambulidwa apachi ndi kakowa?"

Ena anaseka.

"Imeneyo ndi nthawi ya ndege ili kale m'mwamba, ikanakhalapo. Munthu amayambira pansi, alamu."

"Inu munayambira pakamwa. Mlongo wanga asanazizire n'komwe, inu muli 'muikeni, muikeni', ngati mukunena za mlamba wotsala pamsika. Ine ndinati ayi, munthuyu wangosokonezeka, abwera. Ndinakuikirani kumbuyo pamaso pa anthu onsewa. Ndinakusungirani mkazi wanu mpaka..." 

"Ndinakuuzani kuti musamusunge."

"Mwamva nokha," anatero akutembenukira kwa anthu. "Akubwerezanso. Amene anati 'muikeni' alibe chokaona kumanda."

"Amalume," Lusiya anayamba, "taonani miyendo ya ababa mmene yatupira."

"Iwe khala chete. Manda ndi athu. Obwera salamula eni mudzi njira ya kumanda."

Tsiku lomwelo anandisudzula. Kumasula mwamuna kuti abwerere kwawo mkazi akamwalira kumadikira miyezi, misozi iyambe yauma, ndipo mkamwini amene anakhala bwino ndi anthu amauzidwa kuti akhale, alere zidzukulu. Ine anandiikira m'mbale ndalama yachitsulo yondimasulira matope a Likangala asanaume m'miyendo. Sindinaitole. Ndinanyamula sutikesi yanga osaitsegula. Malata sindinawatchule, njinga sindinaitchule. Foni inatsala m'manja mwawo, foni yogula ine.

Wina angafunse kuti bwanji sindinangolowa kumandako ndekha. Wofunsa zotere si wakuno. Manda athu ndi msitu, ndipo munthu salowamo pokhapokha mwini maliro atapempha njira kwa amfumu. Wopezeka yekha kumanda ndi mfiti. Ine sindinazembepo ngati fisi chibadwire, ndipo sindikanayambira pa mkazi wanga. Ndinapita kwa amfumu, anati ndibwere ndi mwinimbumba. Mkulu wa mpingo anakayesa kulankhula nawo, a Filipo anamuonetsa foni.

Ndinabwerera ku Omani. Kunalibe kwina. Zuze anandilandira pakhomo la chipinda chathu.

"Mtumbira wa akazi anu mwauona, achimwene?"

"Ayi."

"Ndiye mipeni ija tinaigonekeranji?"

Anatukwana m'Chisena sabata yonse, mpaka a ku Nepalo anaphunzira mawu ake. Ndinakhalako zaka zina, osatumizanso kanthu koma kwa Lusiya yekha, kufikira maso anayamba kulephera kuona pamene mpeni ukupita. Anandibwezera pasipoti yanga n'kundiuza kuti ndakalamba. Zaka zimenezo nyanja inadzaza, n'kusefukira, madzi n'kulowa m'midzi ndi m'manda momwe.

Ndinakhazikika pa Kachulu, m'kanyumba ka lendi, n'kumawamba milamba. Amuna ofuna kupita kunja amabwera pa uvuni wanga kudzandifunsa kuti ku Omani ndi maola angati. Ndimawafunsa kuti akufuna opita kapena obwerera, chifukwa si amodzi. Amaona ngati ndapenga.

Kuchoka pano kufika kumudzi kuja, wapanjinga amanyamuka atamwa tiyi n'kufika dzuwa lisanatenthe. Sindinapondeko. Pa Songani ndinawotcheretsa mtanda wachitsulo n'kulembetsapo dzina la Esinati ndi penti yoyera. Unakhala kunsi kwa bedi langa mpaka penti inayamba kusuluka. Chimene chinkandidya mtima n'chakuti adzukulu amene anakumba manda aja, ena anafa, ena anatsata nsomba kutsidya ku Mozambiki. Wodziwa malo ake enieni anatsala mmodzi, ndipo anali uja wondithamangitsa.

Chaka chatha Lusiya anafika m'mawa. Ndinamuloza mpando, sanakhale.

"Ababa, amalume anagwa. Mbali imodzi yafa. Akuti mubwere."

"Akufuna chiyani?"

"Akuti mubwere ndi khasu."

Ndinamaliza kutembenuza nsomba zimene zinali pamoto. Kenako ndinalowa m'nyumba n'kukoka mtanda uja.

A Filipo ndinawapeza pamphasa pakhonde, pakamwa patapotoka, dzanja lamanja lili lende. Munthu wa thupi uja anali atatsala mafupa.

"Mwafika, alamu?"

"Ndafika."

"Mwana wanga wa ku Joni ndinamuitana mwezi watha," anatero, mawu akutuluka mokoka. "Akuti ndege yake ndi maola awiri okha. Akubwerabe."

 Sindinabwerere zimenezo.

"Kwa amfumu ndatumiza kale. Njira yatseguka. Koma miyendo ndilibe."

Ndinawanyamula ndekha n'kuwakhazika pa kaliyala ya njinga ija, njinga yogula ine, n'kuwamanga ndi chitenje cha Lusiya. Ankapepuka ngati mtolo wa bango. Lusiya ananyamula khasu ndi mtanda. Ndinakankha. Anthu ankatiyang'ana kuchokera m'makonde, ena mwa iwo omwe anaseka aja. Sindinawapatse moni.

Polowera kumsitu panali munthu wa amfumu. Anawomba m'manja n'kutitsogolera. Manda anali atasalazidwa ndi madzi osefukira, mitanda yamatabwa chiswe chinadya kalekale. Ndinakankha njinga m'zitsamba mpaka a Filipo anati tiime.

"Panali mkuyu. Tinamuika kummawa kwa mkuyu."

Mkuyuwo unali utagwa, panangotsala chitsa chowola. Kummawa kwake kunali mitumbira iwiri yophwa, yoyandikana moti munthu atatambasula manja akhoza kuigwira yonse.

"Uti?" ndinafunsa.

Anakweza dzanja lamoyo lija. Linaloza wakumanzere. Kenako linapita kwa wakumanja.

"Ndi uwu. Ayi, dikirani. Mwezi womwewo tinaikanso mayi wina wa kumunsi kwa mudzi, pambali pomwepa."

"Uti, alamu?"

"Tsiku lija sindinkayang'ana pansi," anatero. "Ndinkayang'ana kumsewu."

 Munthu uyu anasunga malo a mkazi wanga m'mutu mwake zaka zonsezi monga kapitawo anasungira kiyi m'thumba. Koma kapitawo uja kiyi sanataye.

"Foni mwabwera nayo?" ndinatero. "Ifunseni. Paja sinama."

"Ababa," Lusiya anatero chapansipansi.

"Inagwera m'madzi kalekale," a Filipo anayankha, misozi ikutsikira kumbali yakufa ija.

Ndinawasiya atatsamira pamtengo ndi njinga yomwe. Ndinatenga khasu. Ndinalambula mtumbira wakumanzere n'kuundira dothi. Ndinalambula wakumanja n'kuundiranso. Mayi winayo, kaya ndi uti pa awiriwo, analandira ulemu wa mkamwini wosamudziwa. Mtanda ndinauzika pakati penipeni, n'kupondera dothi ndi chidendene. Lusiya anagwada, osadziwa koti ayang'ane, n'kuika dzanja limodzi uku, lina uku. Ndinavula chipewa.

"Amake Lusiya," ndinatero, "munati ndidzabwere. Ndabwera."

Pobwerera ndinakankhanso njinga. Lusiya anatsalira kumbuyo ndi khasu. Tili pakati pa minda ya mpunga, a Filipo anakanda kukhosi.

"Alamu. Mwandikhululukira?"

Patsogolo panali ngalande, njira itakumbika.

"Gwirani chishalo," ndinatero. "Mungagwe."